Chipsera Atenga, Mwini Mutu Asiya

A Lumo sanabadwe ndi dzina limeneli ayi, koma funsani msewu wonse, palibe angakuuzeni lina. Ngakhale akazi awo akapsa mtima amati, "Inu a Lumo inu!" Ameta anthu zaka makumi anayi. Anayambira pansi pa mtengo, pafupi ndi geti la fakitale ya mabulangete, ali ndi mpando umodzi wotsimphina ndi kagalasi kokoleka pa msomali. Pano ali ndi kachipinda kawo pakati pa shopu ya mafoni ndi ya wokonza nsapato. Muli mipando iwiri, benchi, makina ometera atatu, amodzi oluma khosi, ndi chipepala cha masitayelo khumi ndi awiri chimene chinasuluka kalekale, moti anyamata a pamenepo onse akuoneka ngati angotuluka kumene m'chipatala.

Ndi munthu wamfupi, wakamimba, ndipo mutu wawo ndi dazi lokhalokha, loti ntchentche ikatera imaterereka. Anyamata akawaseka kuti wometa wanji wopanda tsitsi, iwo amati, "Langa ndinalimaliza pophunzirira. Weramitsa mutu."

Chimene amanyadira ndi ichi: nkhope amaiwala, koma mutu saiwala. Ukasowa zaka khumi, ukalowa sakuzindikira. Koma ungokhala pampando, akumangirire nsalu m'khosi, akugwire nkhongo, umva, "Haa, ndiwe iwe! Wa kachotupa kuseri kwa khutu! Amayi ako ali bwanji?" Amati nkhope imanama, imadzola, imaseka mtima ukulira, koma nkhongo siinama chifukwa mwini wake sanaionepo. N'chifukwa chake akamaliza kumeta sakulola kudzuka asanakuikire kagalasi kumbuyo. Uchedwe ku basi, uchedwe ku ukwati wako womwe, kagalasi kayenera kudutsa.

Tsono pa mitu yonse, umene a Lumo amaudziwa ngati chikhatho chawo ndi wa alamu awo, a Shoferi, achimwene a akazi awo. A Shoferi ndi chimunthu chachitali, chakuda bii, chosalankhulalankhula. Kumanzere kwa mutu, kuyambira pamwamba pa khutu kutsikira kunkhongo, kuli chipsera chachikulu ngati tsamba la mbatata, chosalala, chokhala ndi kamchira kopindika mmunsi. Pamenepo tsitsi silimera. Zaka makumi atatu kudza zisanu ndi zitatu a Shoferi akhala akuvala chipewa, pamsewu, pakhonde, m'nyumba momwe. Amachivula pampando wa a Lumo pokha, Loweruka mmawa, makasitomala asanafike.

Chipseracho chili ndi nkhani yake. Tsiku lina masana, a Lumo ali mnyamata pansi pa mtengo paja, fakitale inagwira moto. Mkati munali anthu oposa zana, ndipo geti linali lokhoma ndi tcheni ndi chiloko chachikulu, poti mabwana ankati antchito amazembetsa mabulangete nthawi ya ntchito. Kiyi anali m'thumba la injiniya, mzungu, amene anali atapita kukadya kutali. Anthu anadzapanikizana pageti, utsi uli tolo, kulira kuli ponseponse. A Shoferi anali panja ndi lole yodzaza thonje. Anaibweza mmbuyo, n'kuithamangitsa, gwaa pageti! Silinagwe. Anabwezanso, gwaa! Kachitatu geti linagona pansi, koma thonje lija linali litayaka, ndipo chisanza cha moto chinawagwera pamutu. A Lumo anaona ndi maso awo awiriwa, sizasi ili m'manja, kasitomala atathawa ndi theka la mutu. Mwa anthu amene anatuluka akutsokomola munali kamtsikana kopinda mphepete za mabulangete, kamene lero ndi akazi a a Lumo, mayi wa ana awo asanu.

Ndiye chaka chatha kunabwera anthu a filimu. Poyamba anafika mayi wina wa faelo m'khwapa, wolankhula mofewa ngati namwino. Anakhala pakhonde pa a Shoferi tsiku lonse, akujambula mawu. Pomaliza anapempha kuti ajambule chipsera. A Shoferi anachita manyazi, koma anavula chipewa.

Loweruka lotsatira nkhalamba inabwera kudzameta ikumwetulira yokha.

"Alamu, akuti andiika mufilimu. Kodi andisewere ndani?"

"Munthu wonyansa ngati inu akamupeza kuti, alamu? Ayenera kukasaka."

"Bola asatenge wamimba ngati inu. Akhale wamtali, wakuda bwino. Ndipo lole aziidziwa, asakandichititse manyazi pa magiya."

Anakatulutsa suti yawo ya ukwati, n'kuiyanika kuti fungo la m'sutikesi lichoke.

A Lumo nawo mwayi unawagwera. A filimu ankafuna wometa wodziwa mametedwe akale, oti amete anthu amene azikhala gulu la antchito. Anakhazikitsa zinthu zawo m'chinyumba chakale chosungiramo katundu, atamanga geti la matabwa lopaka penti ngati chitsulo. Masiku atatu a Lumo anali mfumu kumeneko. Ameta uyu, alemba mzere uyo, akuwauza kuti, "Ayi, nthawi imeneyo sitinkameta ngati chinanazi chonchi." Ambiri mwa ometedwawo anali ana ndi adzukulu a anthu omwe aja a pafakitale.

Tsiku lachinayi mmawa anawaitanira m'kachipinda kena, kozizira, kokhala ndi galasi lozunguliridwa ndi mababu. Pampando panali mnyamata wachizungu, wa tsitsi lofiirira lofewa ngati ndevu za chimanga. Anati ndi katswiri, kwawo amamuika pa zikwangwani. Pambali panaima mkulu wa filimu, amene anthu anali atamupatsa kale dzina loti Akabudula, chifukwa cha chikabudula chake cha matumba khumi. Musaganize kuti Akabudula anali mzungu. Wakuda ngati inu ndi ine, kungoti anakaphunzira kunja, ndiye mawu amatulukira m'mphuno.

"Madala," anatero Akabudula, akutambasula chithunzi, "akuti muli ndi dzanja labwino. Mumete mnyamatayu apa, kumanzere, shepu iyi ndendende. Mukatha, mayi wa zodzola amatapo labala kuti pakhale ngati chipsera."

A Lumo anatenga chithunzicho. Chinali chodulidwa, nkhope palibe. Panali khutu, nkhongo, ndi tsamba la mbatata lija ndi kamchira kake kopindika. Pansi pa khutu panali kachilonda kamene iwo eni anacheka mwangozi Loweruka lina.

"Mutu uwu ndikuudziwa."

"Zabwino kwambiri, ndiye sizivuta."

"Koma mutu uwu ndi wakuda, bwana."

"Musayang'ane mtundu, madala. Yang'anani shepu."

A Lumo anamva ngati wina wawathira sipiriti pa chilonda. Anafunsa pang'onopang'ono, "Mnyamatayu akusewera ndani?"

"Injiniya. Ndi amene akuphwanya geti ndi lole."

"Injiniya? Injiniya uti? Wa kiyi m'thumba uja? Tsiku limenelo anafika moto utazima, akutokosa m'mano!"

Akabudula anapumira mmwamba, ngati mphunzitsi amene wakumana ndi mwana wouma mutu. "Mukuona, madala, iyi ndi filimu, si buku la mbiri. Tikufuna ikaonedwe kunja. Anthu akunja amafuna nkhope imene akuidziwa. Uthenga ndi womwewo: kulimba mtima. Kulimba mtima kulibe mtundu."

"Ngati kulibe mtundu, bwanji mwakusinthira mtundu?"

Apa Akabudula anayamba kusanthula m'matumba ake ngati yankho lili m'limodzi mwa iwo.

"Nanga a Shoferi?" anafunsa a Lumo.

"Sitinawaiwale! Tawasungira malo aulemu, tikufuna tiwadzidzimutse. Geti likagwa, pakutuluka nkhalamba ina, igwada, igwira dzanja la injiniya, n'kunena kuti 'Zikomo bwana.' Kamera ikhala pa nkhope yawo masekondi asanu athunthu."

Lumo linali kale m'manja. A Lumo analiyang'ana, anayang'ana tsitsi la chimanga lija, anayang'ananso chikabudula. Mnyamata wachizungu ankangomwetulira pagalasi, osamva kanthu. A Lumo analipinda lumo lija, n'kuliika m'thumba la malaya.

"Labuntha ili. Ndikatenge lina kunyumba."

Chithunzi sanabweze.

Kunyumba anapeza akazi awo akuchapa. Atawafotokozera, mayi anaimirira thovu lili m'manja mpaka m'zigongono.

"Mwati injiniya? Abambo, ndinali mkatimo ine! Ndinapondedwa pageti paja ine! Ndinaona nkhope ya achimwene pa galasi la lole, mano ali gwa, mutu ukuyaka. Lero akuti anali mzungu? Ndiye kuti inenso ndinali dona, eti? Ndipatseni nsapato zanga!"

Chovuta chinali kukawauza eni ake. Anawapeza a Shoferi akusita suti ija patebulo, atayala bulangete, chipewa chili pamutu. A Lumo, amene pakamwa sipauma, anayamba ndi za dzuwa, n'kupita ku za mitengo ya mafuta. Akazi awo, mlongo wa a Shoferi, ndiye anangoti phwa, zonse nthawi imodzi, mpaka za kugwada.

A Shoferi anaimika simbi. Kenako anati, "Mwina ndi mmene amapangira mafilimu, alamu. Ife sitinaphunzire."

Mawu amenewo ndi amene anawawawa a Lumo kuposa a Akabudula.

"Sitinaphunzire chiyani? Kupsa kumafuna satifiketi? Alamu, ine ndazungulira chipsera chimenecho ndi lumo Loweruka lililonse, ana anga onse abadwa ndikuchizungulira. Mwachibisa zaka zonsezi ngati munaba. Lero abwere anthu achitenge, akachimate pa mutu wa mwana wa eni, inu mukagwade n'kuthokoza? Ndiye mukathokoze chiyani, kuti anakusiyirani khutu?"

"Valani jekete, achimwene," anatero mayi. "Mwasita kale."

Anafika kuchinyumba kuja dzuwa lili pamutu. Gulu lonse linali pamzere mu maovolosi, nkhope atazipaka makala ngati kuti kuda kwawo sikunakwane. Lole yakale inaima kutsogolo kwa geti la matabwa. A Lumo sanapereke moni kwa aliyense. Analunjika ku kachipinda ka mababu, mlamu kumbuyo, mkazi kumbuyo kwa mlamu, ndipo anthu ataona mayendedwe awo anasiya mzere n'kudzaunjikana pakhomo.

Mnyamata wachizungu anali pompaja, akusewera ndi foni.

"Tadzuka, mwana wanga, akhalepo akuluakulu," anatero a Lumo, akumukodola ndi dzanja. Mnyamatayo sanamve mawu, koma dzanja analimva. Anadzuka.

A Shoferi anakhala. A Lumo anakung'untha nsalu kawiri, monga amachitira nthawi zonse, n'kuwamangirira a Shoferi m'khosi pamwamba pa suti. Kenako anaima, manja kumbuyo. Chipewa sanachikhudze. Pa zaka zonsezi sanachivulepo iwo, mwini wake ndiye amavula. A Shoferi anayang'ana pagalasi, anaona nkhope zopaka makala zili thothotho pakhomo. Anakweza dzanja, navula chipewa, n'kuchiika patebulo pakati pa mabotolo a zodzola.

A Lumo anatulutsa kagalasi kawo, n'kukaika kumbuyo kwa mutu. Dzanja linalo linagwira chithunzi chija pambali pake.

Mnyamata wachizungu anayang'ana chithunzi, anayang'ana mutu, anayang'ananso chithunzi. Nkhope yake inafiira psuu mpaka m'makutu. Analankhula mofulumira kwa mayi wa faelo uja, ndipo mayiyo, maso ali pansi, anamasulira.

"Akuti iye anauzidwa kuti munthu wake anamwalira kalekale, ndipo palibe akudziwa kuti anali ndani."

"Anamwalira?" anakuwa akazi a a Lumo. "Inu mayi, si inu munamwa tiyi pakhonde pawo? Munkacheza ndi mzukwa? Makapu awiri munamwa, ndi shuga masupuni atatuatatu!"

Pakhomo anthu anafa nacho chiseko. Akabudula analowa akukankha anthu, matumba onse akugwedezeka.

"Chikuchitika n'chiyani pano? Tikutaya dzuwa! Madala, ndakuuzani kale, palibe amene akunyoza aliyense. Dzina lawo tilemba kumapeto."

"Kumapeto anthu akutuluka, akusaka nsapato pansi pa mipando," anatero a Lumo. "Inu bwana, ndinu wakuda ngati ife. Agogo anu akanakhala mkati muja, mukanati anawatulutsa ndani? Mwasaka dziko lonse osapeza mnyamata mmodzi wamtali wakuda? Tayang'anani pakhomopo! Onsewo mwawaona kuti ndi oyenera kulira ndi kutsokomola basi?"

A Shoferi anatembenuka pampando, nsalu ili m'khosi, n'kuyang'ana mnyamata uja kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanali okwiya ayi. Anafunsa ngati mmene amafunsira munthu wofuna ntchito.

"Mufunseni, lole amatha kuyendetsa?"

Mayi wa faelo anafunsa. Mnyamata anapukusa mutu.

"Nanga iyenda bwanji?"

"Injini tinachotsa," anayankha Akabudula. "Anthu asanu ndi mmodzi azikankha kumbuyo. Kamera siwaona."

"Anthu ake ati?"

Akabudula analoza pakhomo.

Iii, abale! Phokoso limene linabuka pamenepo! Mnyamata wina wamtali, mdzukulu wa mayi amene anathyoka mkono pageti lenileni lija, anavula ovolosi pomwepo n'kuiponya pansi, n'kutsala ndi kabudula wamkati. "Akankhe yekha!" Ena anayamba kupukuta makala kumaso ndi malaya.

A Shoferi anamasula nsalu okha, naipinda bwinobwino, n'kupatsa mlamu wawo. Anaimirira, mutu pafupi kugunda mababu.

"Ine maondo anauma, bwana," anatero kwa Akabudula. "Sindigwada. Tiyeni, alamu."

Ali panja, a Lumo anati, "Alamu, mwaiwala chipewa."

"Ndachiona."

Musaganize kuti filimu inafa. Filimu siifa chifukwa cha wometa. Anachoka anthu mwina makumi awiri, ena anatsala, poti kunyumba ana sadya mkwiyo. Lole inapeza oikankha. Koma mnyamata wachizungu uja anavala kapu yake n'kunenetsa kuti mutu wake palibe aukhudze, kaya ndi lumo kaya ndi labala. Akabudula anakuwa, anaimba mafoni, anatuluka thukuta m'matumba onse khumi, koma sizinatheke. Ndiye amene anaionera akuti injiniya akuphwanya geti kamodzi kokha, n'kutsika mu lole tsitsi likuuluka bwinobwino ngati wachokera kosamba. Moto wonse uja osamupsereza ngakhale nsidze.

Nkhalamba yogwada inapezekanso. Mukudziwa ndani? Wokonza nsapato wa khomo loyandikana ndi a Lumo! Masekondi asanu athunthu. Mpaka lero akalowa kudzameta, a Lumo amamukhazika pabenchi mpaka onse atha, ngakhale amene abwera pambuyo pake, ndipo akamuitana amati, "Bwerani, a Zikomo Bwana." Makina ake ndi oluma khosi aja.

A Lumo filimuyo sanaionere ndipo akuti sadzaionera. Ukangoitchula, amayamba kukalipa lumo lili m'manja, ndiye ngati uli pampando ndi bwino kudikira amalize. "Akuti dzina la alamu analemba," amatero, "tizilembo ngati nyerere, pansi pa dzina la wophika tiyi. Wophika tiyi!"

A Shoferi sanagulenso chipewa china. Amayenda choncho pamsewu, chipsera chikuwala padzuwa. Masiku oyamba ankayenda mofulumira, maso pansi. Pano amabwera kudzameta Loweruka masana, shopu itadzaza, n'kukhala pabenchi kudikira ngati wina aliyense. Ana amawayang'anitsitsa, ndipo wina akalimba mtima n'kufunsa, iwo amangoloza a Lumo. Zikatero ndiye kuti wa pampandoyo waiona, chifukwa makina amazimitsidwa, ndipo nkhani imayambira pa mtengo paja, ndi magiya ake, ndi gwaa zonse zitatu.

Chithunzi chija anachimata pakhoma, kumapeto kwa chipepala cha masitayelo, pambuyo pa nambala khumi ndi ziwiri. Tsiku lina kunalowa mnyamata wachilendo, wa ndolo kukhutu. Anayang'ana masitayelo onse, n'kuloza chomalizacho.

"Madala, iyi ndiye yachilendo. Mundimete imeneyi."

A Shoferi anali pabenchi, akuwerenga nyuzi. Anangotsitsa pepalalo pang'ono.

"Imeneyo ili ndi mwini wake," anatero a Lumo, akukung'untha nsalu. "Ndipo sitimeta ndi lumo. Khala pansi ndikuuze. Uli ndi changu?"